PENTI WA GALIMOTO, MALAMULO ATSOPANO NDI DAMBO LA ELEPHANT MARSH

 Nkhani ya lero ikunena za penti wa galimoto, za malamulo atsopano amene akhazikitsidwa pofuna kuchepetsa kuopsa kwake, ndi za mmene malamuloŵa akukhudzira amisiri a m'magalaja pamodzi ndi anthu amene amapopera penti pakhomo pao.

Munthu woyenda pa mseu wa M1 kuchokera pa Chikwawa, kudzera pa Nchalo ndi pa Ngabu mpaka pa Bangula, amaiona ntchito imeneyi ndi maso ake. Pansi pa mtengo, kuseri kwa sitolo kapena m'chisakasa cha malata, pamakhala mmisiri akuwongola minibasi yogundidwa, wina akukhula dzimbiri pa ngolo, wina akupopera njinga yamoto ya kabaza kuti ioneke yatsopano. Ntchitoyi ndi yolemekezeka. Imadyetsa mabanja, imalipirira ana sukulu, ndipo imatalikitsa moyo wa magalimoto m'dziko limene galimoto yatsopano si chinthu chapafupi. Palibe amene akufuna kuti ithe. Funso ndi lakuti: kodi ingagwiridwe motani popanda kudwalitsa woigwirayo, ana ake, ndi dambo limene limadyetsa chigwa chonse?

Zimene zili m'chitini

Penti wa galimoto sali ngati njereza yopaka pakhoma. M'chitini chake muli zinthu zambiri, koma zimene zadetsa nkhaŵa madokotala ndi opanga malamulo ndi zitatu.

Choyamba ndi mtovu, chitsulo chofeŵa ndi cholemera chija chimene chimapezeka m'mabatire a galimoto, chimenenso asodzi ena amamangirira kunsi kwa ukonde kuti umire. Opanga penti akhala akuthira mankhwala a mtovu pa zifukwa zitatu: kuti mtundu ukhale woŵala, makamaka wachikasu, wofiira, wa lalanje ndi wobiriŵira, kuti penti aziuma msanga, ndi kuti chitsulo chisachite dzimbiri.

Chachiŵiri ndi madzi onunkha osungunulira penti, amene amisiri amaŵatchula kuti thina. Madziŵa sakhalira pa galimoto. Amauluka n'kusakanikirana ndi mpweya pamene penti akuuma, ndipo woyamba kuŵapuma ndi wopoperayo.

Chachitatu ndi hadena, mankhwala amene amasakanizidwa ndi penti wamakono wotchedwa 2K kuti alimbe ndi kunyezimira. Mu hadena muli mankhwala a mtundu wa isocyanate, amene ndi mdani wamkulu wa mapapo.

Zinthu zitatuzi zimavulaza mosiyana, ndipo malamulo ake ndi osiyananso.

Mtovu ndi ubongo wa mwana

Mtovu umaloŵa m'thupi mwakachetechete. Ulibe fungo, ndipo munthu samva kupweteka pamene ukuloŵa. Penti wakale akamakhulidwa ndi sandipepa wouma, pamatuluka fumbi losalala ngati ufa woyera. Fumbilo limapumidwa, limamatirira m'manja ndi m'zovala, ndipo lina limagwera pa dothi pamene ana amakwaŵa ndi kuseŵera. Likafika m'magazi limapita ku ubongo, ku chiŵindi ndi ku impso, kenaka limakasungika m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri. Mai akatenga pakati, mtovu wa m'mafupa ake umabwereranso m'magazi n'kukafika kwa mwana wosabadwayo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ukudziŵika kuti ndi wosavulaza. Limanenanso kuti pa mtovu umene wamezedwa, thupi la mwana wamng'ono limayamwa wochuluka kanai kapena kasanu kuposa thupi la munthu wamkulu. Kwa akulu zotsatira zake ndi kuthamanga kwa magazi ndi matenda a impso. Kwa ana ndi kuchepa kwa magazi, kusakhazikika maganizo ndi kuchepa kwa nzeru, ndipo ubongo ukaonongeka motere subwereranso mwakale. Mwana wotere mphunzitsi amamuyesa waulesi, makolo amamukalipira kuti samva, osadziŵa kuti gwero la vutolo ndi fumbi la pabwalo pamene atate ake amakhulira magalimoto. M'chaka cha 2020 bungwe la UNICEF lidalengeza kuti mwana mmodzi mwa atatu aliwonse pa dziko lapansi, kutanthauza ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu wodetsa nkhaŵa m'magazi mwao.

Kuopsa kumeneku sikudadziŵike dzulo. M'chaka cha 1921 bungwe loona za apantchito la ILO lidapanga pangano loletsa penti woyera wa mtovu m'kati mwa nyumba. Ku United States penti wa mtovu wopaka m'nyumba adaletsedwa mu 1978. Petulo wa mtovu adasiyidwa m'maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara pofika mu Januwale 2006, ndipo pa dziko lonse adatheratu mu 2021. Kwa anansi a ku Zambia, mzinda wa Kabwe ndi phunziro loŵaŵa: mgodi wa mtovu wa kumeneko udatsekedwa mu 1994, koma dothi lake lidapitirira kudwalitsa ana kwa zaka makumi pambuyo pake. Mtovu suola ngati chinangwa, ndipo suuluka ngati thina. Pamene wagwera mpamene umakhala.

Mu 2011 mabungwe a WHO ndi UNEP, loona za chilengedwe, adakhazikitsa mgwirizano wothetsa penti wa mtovu. Muyeso umene amalimbikitsa ndi wakuti mtovu usapitirire zigawo 90 pa zigawo miliyoni imodzi za penti wouma. Kuti zimveke bwino, penti woumayo atakhala wolemera ngati thumba la chimanga la makilogalamu 50, mtovu wololedwa sungapitirire magalamu anai ndi theka. Dziko la Kenya lidatenga muyeso umenewu mu 2018. Dziko la South Africa lidaika malire a zigawo 600 mu 2009, ndipo mu 2024 lidalengeza malamulo oŵatsitsa kufika pa 90.

Zimene zachitika m'Malaŵi

Bungwe loona za miyeso ya katundu, la Malawi Bureau of Standards, lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ndilo lili ndi udindo woyeza zinthu zopangidwa m'dziko muno ndi zoloŵa kuchokera kunja. M'chaka cha 2020 bungwe lina lotchedwa Lead Exposure Elimination Project, limene lidayambira ntchito yake m'Malaŵi momuno, lidagula zitini za penti m'masitolo n'kukaziyezetsa. Zidapezeka kuti zoposa theka la zitini za penti wamafuta wopaka m'nyumba zidali ndi mtovu wopitirira zigawo 90 zija. Zitamveka izi, mu 2021 a MBS adalonjeza kulimbitsa ntchito yoyeza penti ndi kulondoloza opanga, ndipo makampani adayamba kufuna mankhwala ena oloŵa m'malo mwa mtovu. Kafukufuku wachiŵiri wa mu 2023 adaonetsa kusintha kwakukulu. Poyamba mitundu ya penti wamafuta yokhala ndi mtovu ndiyo idadzaza msika, kupitirira zigawo zitatu mwa zinai. Pofika chaka chimenecho idatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa anai.

Imeneyi ndi nkhani yosangalatsa, ndipo ikuphunzitsa kuti lamulo likatsatidwa ndi kuyeza kwenikweni, zinthu zimasintha m'zaka zoŵerengeka. Komabe omvera azindikire chinthu chimodzi. Kafukufuku ameneyu adali wa penti wopaka m'nyumba. Penti wa galimoto ndi wa zitsulo za m'mafakitale ndi gulu lina, ndipo m'maiko ambiri gulu limeneli ndilo limatsalira m'mbuyo pa nkhani yochotsa mtovu. Chitsanzo cha lamulo chimene a UNEP adalembera maiko chimalangiza kuti muyeso wa zigawo 90 ukhudze penti wa mtundu uliwonse, chifukwa penti sakhala pamene adamulembera. Wotsala pa minibasi yachikasu maŵa amapakidwa pa chitseko, pa mpando wa mwana kapena pa mafelemu a mazenera a kalasi.

Palinso magalimoto akale amene adapakidwa zaka zambiri zapitazo. Lamulo latsopano lingathe kuyeretsa chitini chimene chili m'sitolo, koma silingachotse mtovu umene uli kale pa lole yakale. Ameneyo amakumana naye ndi mmisiri pa tsiku lokhula.

Malamulo a maiko akunja

Penti wambiri wa galimoto amachokera kunja, choncho malamulo a kunjako amafika ndithu mpaka pa Nchalo, ngakhale mochedwa.

Maiko a mgwirizano wa European Union adapanga lamulo mu 2004 lochepetsa thina mu penti, ndipo gawo lokhudza penti wokonzera magalimoto lidayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2007. Lamulolo lidanena kuti penti wapamwamba, atasakanizidwa kale kuti apoperedwe, asakhale ndi mankhwala ouluka opitirira magalamu 420 pa lita imodzi, ndi kuti chitini chilichonse chilembedwe kuchuluka kwake. Cholinga chidali kuteteza mpweya, chifukwa nthunzi za thina zikakumana ndi utsi wa magalimoto padzuŵa zimapanga mpweya woŵaŵa umene umapweteka mapapo ndi kufooketsa mbeu. Zotsatira zake zidali zakuti penti wakale wa cellulose, amene amamwa thina wambiri, adasoŵa m'masitolo, kupatula wololedwa mwapadera pokonza magalimoto amakedzana. Magalaja ambiri adasamukira ku penti wosungunula ndi madzi, amene amafuna zipangizo zina ndi chipinda choyenda mpweya bwino. Magalaja akuluakulu adakwanitsa. Ang'onoang'ono ndi anthu opopera pakhomo adadandaula kuti mtolo waŵalemera.

Ku United States lamulo la mu 2008 lidakhudza magalaja opopera penti wokhala ndi mtovu ndi zitsulo zina zoopsa. Lidalamula kuti wopopera aphunzitsidwe, kuti kupopera kuzichitikira m'chipinda chokhala ndi sefa, ndi kuti mfuti yopoperera ikhale ya mtundu wosataya penti wambiri mumpweya. Munthu wopopera galimoto pakhomo pake adamulola, malinga ngati sapitirira magalimoto aŵiri pa chaka.

Lamulo laposachedwa ndi la hadena. Kuyambira pa 24 Ogasiti 2023, m'maiko a European Union munthu saloledwa kugwira ntchito ndi mankhwala okhala ndi diisocyanate wopitirira gawo limodzi pa zigawo 1,000 asanaphunzitsidwe, ndipo maphunzirowo amabwerezedwa zaka zisanu zilizonse. Chifukwa chake n'chakuti opopera magalimoto amadwala mphumu kuposa antchito ena kuŵirikiza makumi angapo. Nkhungu ya penti wa 2K imatsalira mumpweya ngakhale pamene maso aleka kuiona. Mmisiri angathe kupopera zaka zingapo osamva kanthu, kenaka n'kuyamba kutsokomola usiku, kubanika pachifuwa ndi kulira ngati mluzu popuma. Akapuma pa ntchito masiku angapo amapeza bwino, akabwerera zimayambiranso. Thupi likafika pamenepo, ngakhale kankhungu kochepa kamadzutsa matendawo, ndipo ambiri amasiya ntchito imene adaiphunzira movutikira.

Malamulo akunjaŵa ali ndi mbali ziŵiri kwa dziko longa Malaŵi. Mbali yabwino ndi yakuti penti wopanda mtovu ndi wochepa thina tsopano akupangidwa wambiri, ndipo akupezeka. Mbali yoopsa ndi yakuti katundu woletsedwa kwina amafunafuna msika kumene kulibe mlonda. N'chifukwa chake kuyeza katundu pa zipata zoloŵera m'dziko kuli kofunika.

Dambo limene limalandira zonse

Tsono Elephant Marsh ikuloŵamo bwanji m'nkhani ya penti? Dambo limeneli, limene akale ankalitchula kuti Dabanyi, lili pakati pa maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo limathera pa Chiromo pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Dzina lachingerezili adalipatsa ndi David Livingstone mu 1859, ataona njovu zokwana 800 pamalopo. Njovuzo zidatha kalekale, koma mvuu, ng'ona ndi mbalame za m'madzi zamitundumitundu zilipobe. Mu 2017 damboli lidalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa pangano limene lidasainidwa mu mzinda wa Ramsar ku Iran mu 1971. Lidakhala lachiŵiri m'Malaŵi, lotsatana ndi Nyanja ya Chilwa, ndipo malo olembedwawo ndi okwana mahekitala 61,556.

Kwa anthu a m'chigwa, damboli ndi nkhokwe. M'menemo mumachokera makakana ndi milamba imene imagulitsidwa m'misika ya kutali. M'mphepete mwake muli madimba a chimanga, mbatata, nyemba ndi mpunga, amene amapulumutsa mabanja mvula ikavuta kumtunda. Ng'ombe zimadya msipu wake m'chilimwe, bango lake limaluka mphasa, ndipo pa nthaŵi ya njala anthu amakumbamo nyika.

Chikhalidwe cha dambo ndi chakuti madzi akafikamo amayenda pang'onopang'ono, ndipo zimene anyamula zimadikha pansi. Matope achonde amene alimi amaŵayamikira amabwera mwa njira imeneyi. Koma dambo silisankha. Limalandira za mtsinje wa Mwanza, za timitsinje totsika m'mapiri a Thyolo, ndi za mitsinje ya mu mzinda wa Blantyre monga Mudi, imene madzi ake amakathira mu Shire kumtunda kwa damboli. Fumbi la penti limene launjikana pa bwalo la galaja chilimwe chonse limakokoloka ndi mvula yoyamba n'kuloŵa mu ngalande. Thina wotsukira mfuti akatayidwa pansi amaloŵerera m'nthaka, ndipo m'chigwa muno madzi a pansi sali kutali.

Pamwamba pa izi pali kusefukira kwa madzi. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje sadaiŵale Januwale 2015, Malichi 2019, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Madzi otere akabwera safunsa kuti ichi n'chitini cha penti kapena ndi mtsuko. Amanyamula zonse, zitini, mabatire akale ndi dothi la pa galaja, n'kukazisiya m'madimba ndi m'dambo. Galaja imodzi ndi yaing'ono poyerekeza ndi dambo lalikulu chotere, izi n'zoona. Koma mtovu umaunjikana chaka ndi chaka, ndipo ukaloŵa m'matope palibe angaudzole. Akulu adati madzi akatayika saoleka. Nthaŵi yabwino yoteteza damboli ndi pamene fumbi likadali pa bwalo la galaja.

Malamulo a dziko lino sali chete pa zimenezi. Lamulo losamalira chilengedwe la mu 2017, limene lidakhazikitsa bungwe la MEPA, limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo, ndipo limaletsa kuipitsa madzi, nthaka ndi mpweya. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa apantchito la mu 1997 limapatsa wolemba ntchito udindo woteteza antchito ake ndi kuŵapatsa zodzitetezera.

Dandaulo la amisiri

Amisiri ali ndi mau ao pa nkhaniyi, ndipo ndi mau oyenera kumvedwa. Iwo amati chipinda chopoperamo chokhala ndi sefa ndi cha magalaja olemera a m'mizinda. Chovala kumaso chimene chimalandira mpweya wabwino kudzera m'paipi, chomwe ndicho chitetezo chenicheni pa penti wa 2K, mtengo wake ndi wokwera. Kutentha kwa m'chigwa, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumachititsa kuti chilichonse chovala kumaso chikhale cholemetsa. Ndipo mwini galimoto amafuna mtengo wotsika. Mmisiri akakweza, kasitomala amapita kwa mnzake wa pansi pa mtengo wotsatira.

Dandaulo limeneli lili ndi mayankho atatu. Loyamba ndi lakuti mtolo waukulu wa lamulo la mtovu suyenera kugwera mmisiri. Iye sangaone mtovu ndi maso, ndipo alibe makina oyezera. Opanga penti ndi oitanitsa kunja ndi oŵerengeka, pamene opopera ndi ambirimbiri. Kutseka mtsinje kumayambira ku kasupe. Chitini chikakhala choyera pochoka ku fakitale, mmisiri wa pa Bangula watetezeka popanda kutaya tambala.

Lachiŵiri ndi lakuti kusamala kwina kumabweza ndalama. Mfuti yopoperera yakale imafikitsa pa galimoto pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a penti, wotsalayo n'kumwazikira mumpweya. Mfuti ya mtundu wa HVLP, imene imapopera ndi mphamvu yochepa ya mpweya, imafikitsa pafupifupi zigawo ziŵiri mwa zitatu. Penti amene amathera m'mapapo ndi pa masamba a mtengo ndi ndalama zotayika.

Lachitatu ndi lakuti mutu umodzi susenza denga. Chimene mmisiri mmodzi sangathe kugula, amisiri asanu a pa malo amodzi angathe kusonkherana: chisakasa chimodzi cha simenti pansi, chomangidwa pa malo okwera, chokhala ndi chokupizira mpweya ndi chovala kumaso choyenera, chimene angamagwiritse ntchito mosinthana. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi khomo loyenera kugogoda pofuna maphunziro a kapoperedwe kabwino.

Zoyenera kuchita kuyambira lero

Pali zinthu zimene sizidikira ndalama zambiri.

Pogula penti, mmisiri afunse chitini chokhala ndi dzina la wopanga, malangizo ndi mau onena za mtovu. Penti wothiridwa m'botolo lopanda chizindikiro ndi wokayikitsa, makamaka wachikasu, wofiira ndi wa lalanje. Safunsa adadya phula.

Pokhula penti wakale, sandipepa anyowetsedwe ndi madzi kuti fumbi lisauluke. Pansi payalidwe pepala la pulasitiki, ndipo matope otsalawo aumitsidwe n'kusungidwa m'chitini chotseka. Penti asachotsedwe ndi moto, ndipo pamalo pooti pawotcheredwe payambe payeretsedwa, chifukwa utsi wa penti wopsa umanyamula mtovu kupita nawo m'mapapo.

Popopera, ana, amai oyembekezera ndi ogulitsa zakudya akhale kutali. Nthaŵi yabwino ndi m'mamaŵa kusanatenthe, pa malo opita mphepo, kutali ndi moto ndi fodya, poti thina amayaka msanga. Kansalu komanga pamphuno ndi kachophimba kapepala kotchingira fumbi sizitsekereza nthunzi za thina kapena nkhungu ya hadena. Munthu wopopera njinga kapena galimoto pakhomo pake, amene alibe zodzitetezera zoyenera, ausiye penti wa 2K n'kupereka ntchitoyo kwa okhala ndi zipangizo.

Pali chikhulupiriro chofala pakati pa opopera chakuti kumwa mkaka pambuyo pa ntchito kumatsuka penti m'chifuwa. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma umapita m'mimba, pamene nkhungu ya penti imapita m'mapapo. Njira zake ndi ziŵiri zosakumana.

Poŵeruka, zovala za ntchito zitsale ku ntchito, ndipo zisachapidwe pamodzi ndi za ana. M'manja musambidwe ndi sopo munthu asanagwire nsima. Thina si wosambira, chifukwa amaloŵa pakhungu ndi kuliumitsa.

Thina wotsukira mfuti asatayidwe pansi kapena mu ngalande. Akasungidwa m'chitini chotseka, zinyalala zimadikha, ndipo wapamwambayo angathe kutsukiranso. Zotsalira zonse zisungidwe pa malo okwera amene madzi osefukira safikapo, ndipo mkulu woona za chilengedwe ku khonsolo ya boma afunsidwe za katayidwe kake. Chitini cha penti chisasanduke chotungira madzi, chosungira mchere kapena chomwera thobwa. Penti wa galimoto wotsala asapakidwe pa mipando, pa zitseko, pa zidole za ana kapena pa mabwato.

Mmisiri amene wayamba kubanika kapena kutsokomola usiku apite ku chipatala msanga, ndipo akauze dokotala ntchito imene amagwira. Mphumu ya mtundu umenewu ikadziŵika koyambirira, mapapo amapulumuka.

Eni magalimoto nawonso ali ndi gawo lao. Amene amakakamiza mmisiri kutsitsa mtengo mpaka kusoŵa yogulira chodzitetezera, adziŵe kuti kuchepa kwa mtengoko akulipira ndi mapapo a munthu wina. Mafumu ndi makomiti a misika angathandize posonyeza amisiri malo ogwirira ntchito amene ali kutali ndi zitsime, masukulu, malo ophikira ndi ngalande zotsikira ku dambo.

Chaka chilichonse, kumapeto kwa mwezi wa Okutobala, maiko amakhala ndi sabata yokumbutsana za kuopsa kwa mtovu. Ku Chigwa cha Shire imeneyi ndi nyengo imene mvula yoyamba imakhala ili pafupi. Ndi nthaŵi yoyenera kuti galaja iliyonse isese bwalo lake monyowetsa, isonkhanitse zitini ndi mabatire akale, ndi kuzikweza pamwamba madzi asanabwere. Aphunzitsi angathe kufotokozera ana za nkhaniyi m'kalasi, ndipo ana adzaifikitsa kunyumba.

Malamulo atsopano a penti amaoneka ngati chipsinjo kwa munthu amene akufuna kumaliza minibasi dzuŵa lisanaloŵe. Koma mmisiri amene akupopera lero afunika kudzakhala akupuma bwino zaka makumi aŵiri zikubwerazo, mwana wake afunika kumva za m'kalasi, ndipo msodzi wa ku Chiromo afunika kuvuula nsomba zimene aliyense angadye mosaopa. Atatu onseŵa amamwa madzi amodzi. Nkhani ya lero yathera pamenepa.